Fomu Yaifupi

Achimwene anga a Fryson anakana kumva za matenda awo ndi makutu awoawo. Tsiku limene dokotala wa khansa anatiitana, kumayambiriro kwa Febuluwale, iwo anakhala pampando jasi ili chimangire mpaka m'khosi, manja ali pamaondo, n'kunena mwaulemu wawo uja wa mkulu wa mpingo kuti, "Kwathu nkhani zotere amauza gadiyani, osati wodwala. Lankhulani ndi akazi anga ndi mlongo wangayu. Ine ndikadikira panja."

Dokotalayo anawafunsa kawiri ngati akunenetsa, analemba m'kompyuta, ndipo achimwene anatuluka n'kutseka chitseko pang'onopang'ono. Tinatsala awiri, ine ndi alamu anga a Ketrina. Khansa ya m'matumbo ija, imene tinkati anaichotsa pa opaleshoni chaka chatha, inali itafika kuchiwindi ndi m'mafupa a msana. Mankhwala akanatha kuichedwetsa, koma kuichiritsa ayi. Alamu anangoti, "Zikomo adokotala," ngati munthu amene wafunsa njira ndipo amulozera.

Kenaka anatipititsa m'kachipinda kena kwa nesi wamwamuna dzina lake Michael, wandevu zofiirira, wolankhula Chizungu cha muno mu Glasgow chimene ine, ngakhale ndakhala kuno zaka makumi awiri, ndimatolapo theka lokha. Tsiku limenelo ndinamva chilichonse. Anati boma limathandiza anthu amene matenda awalanda mphamvu, ndipo njira zofunsira thandizolo zilipo ziwiri. Njira yaitali ndi fomu yochindikala ngati buku la nyimbo. Amafunsa ngati munthu amatha kuphika, kusamba, kuvala, kupita kuchimbudzi, kuyenda, ndipo chilichonse chimene chikumukanika chimamupatsa mapointi. Nthawi zina amatumiza munthu kudzacheza naye. Yankho limatenga miyezi. Njira yaifupi ndi ya anthu amene matenda awo sadzachira ndipo ndi omwewo amene adzawatenge. Pamenepo nesi kapena dokotala amalemba pepala limodzi lochitira umboni, boma silifunsanso kanthu, ndipo thandizo lathunthu limabwera m'masiku owerengeka. Wodwalayo, ngati safuna kudziwa, pepalalo saliona.

"Ndiye mukufuna mulembe kuti amuna anga amwalira?" anafunsa alamu.

"Ndilembe kuti matendawa sadzachira," Michael anayankha.

"N'chimodzimodzi." Anatembenukira kwa ine n'kusiya Chizungu. "Alamu a Maness, munthu akudya, akupemphera, akuyenda ndi miyendo yake, ndiye ife timusainire imfa chifukwa cha benefiti? Kumeneko n'kulodza. Dzanja langa silingachite zimenezo, ndipo lanunso lisachite."

Panja tinapeza achimwene akuwerenga chipepala chapakhoma cha kasambidwe ka m'manja ngati muli nkhani zakumudzi. Sanafunse kanthu. Alamu anati, "Akuti mupitirize mankhwala, bambo a Tadeyo," iwo n'kuvomera ndi mutu, n'kutsogola kupita kokwerera basi.

Musaganize kuti ndikuwaseka alamu angawo. Inenso ndinakula chimodzimodzi. Mayi athu anamwalirira pachipatala kwathu ku Mulanje ife tikuwauza kuti mawa atulutsidwa, ndipo palibe amene anati tinanama. Wodwala umamupatsa phala ndi chiyembekezo, zinazo umameza wekha. Koma ku Mulanje kunali azakhali, kunali oyandikana nawo, kunali anthu osinthana pamphasa ya wodwala. Kuno achimwene anali pafulati yachitatu kuchokera pansi ku Partick, m'nyumba zakale zamiyala zija zopanda lifiti. Mabasi anasiya kuyendetsa chaka chatha, ndipo malipiro a odwala anali atatha. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Tadeyo, amagwira ntchito ku London. Alamu ankachoka mbandakucha kupita kunyumba yosungirako okalamba, kukasambitsa abambo a eni ake maola khumi ndi awiri, amuna awo atatsala okha ndi botolo la madzi ndi rimoti. Thandizo lija likanabwera, alamu akanasiya ntchito n'kukhala pakhomo. Nkhani inali yomweyo basi, ndipo ndinkaiganizira nthawi zonse ndikakwera sitima yapansi kuchokera kwathu ku Gorbals.

Tinatsata njira yaitali. Fomu inabwera mu Malichi, ndipo tinaiyala patebulo la kukhitchini Loweruka lina masana. Achimwene anatenga cholembera okha. Kutchalitchi kwathu ndi iwo amene amawerengera anthu makalata a boma, chiyambire masiku amene tonse tinkakhala m'zinyumba zazitali za ku Sighthill zimene anazigumula zija, choncho sizikanatheka kuti fomu yawo ilembedwe ndi mlongo wawo wamng'ono wotsuka mbale m'kantini. Anavala magalasi, anakhosomola, n'kuyamba.

Kodi mumatha kudzikonzera chakudya? Ndimatha. Kodi mumatha kusamba nokha? Ndimatha, pang'onopang'ono. Ine ndinkadziwa kuti ketulo yodzaza sangaitukule, ndiponso kuti alamu ndi amene amawatulutsa m'bafa powagwira m'khwapa.

"Achimwene, awa si mafunso a m'kalasi," ndinatero. "Pano wokhoza ndi amene walephera. Lembani za tsiku loipa."

"Ndilembe bodza?"

"Mulembe zoona. Bodza ndi limene mukulembalo."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi monga ankachitira ndili mwana ndikaba shuga. "Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndili pa chiwongolero," anatero, "ndamva zimene anthu amalankhula kumbuyo kwanga za ife obwera, kuti tinabwera kudzadya za ulele. Ine sindinapempheko ngakhale kamodzi. Lero ndiyambe ndi kudzilemba ngati chidakwa chosatha kumanga batani?"

Titafika patsamba la zakuchimbudzi anaphimba funsolo ndi chikhatho. Chichitireni opaleshoni anali ndi kathumba pamimba kolandira zonse za m'matumbo, ndipo manja akamanjenjemera ndi mankhwala sankatha kukasintha okha. Zimenezi ndinkazidziwa kudzera kwa alamu. Koma mwamuna salankhula za chimbudzi chake pamaso pa mlongo wake, ndipo mlongo sasonyeza kuti akudziwa. Ndinanyamuka kukatsuka makapu oyera kale. Nditabwerako tsambalo linali litatembenuzidwa, ndipo pobwezera fomuyo mu envulopu ndinaona kuti alembapo mawu awiri okha, akuti palibe vuto. Pa makalata a kuchipatala oti aikemo ngati umboni, alamu anasankha yakale, ya chaka chatha, yonena kuti opaleshoni inayenda bwino. Yatsopano inali pansi pa zovala m'sutikesi.

Tinadikira miyezi itatu. Mu Juni anatilembera kuti mayi wina wa ku ofesi ya boma abwera kudzacheza ndi achimwene panyumba, Lachinayi nthawi ya teni koloko. Lamulungu lake, titaweruka, alangizi anachuluka pabwalo la tchalitchi monga mwa nthawi zonse. Wina anati asamete ndevu sabata yonse. Wina anati agone pansi, azingobuula. Ine ndinkafuna kuwatseka pakamwa, chifukwa ndinkaona nkhope ya achimwene ikulimba ndi langizo lililonse. Munthu ameneyu ukamuuza kuti adziwonetse wofooka ndiye kuti wamutuma kukagula polishi wa nsapato.

Lachinayilo ndinapempha tchuthi kuntchito. Nditafika cha m'ma naini ndinaima pakhomo kakasi. Nyumba inkanunkhira sopo ndi masikono. Mpando wachimbudzi umene unkakhala pafupi ndi bedi unali utalowa m'wadirobu. Ndodo inali kuseri kwa filiji. Beseni losanzira, mapilo ochirikizira msana, mabokosi a timatumba tija, zonse zinali zitasowa ngati m'nyumbamo simunadwalepo munthu ngakhale chimfine.

"Alamu, mwatani?"

"Mlendo wa boma apeze nyumba ikununkha? Azikati Amalawi ndi auve?"

"Akubwera kudzaona matenda, osati makatani."

"Matenda awaona m'mapepala."

Achimwene anatuluka kuchipinda atavala suti yawo yakuda ya tsiku la Mgonero, tayi ili m'khosi, ndevu zitametedwa. Kolala inkangozungulira khosi osalikhudza. Alamu anandinong'oneza monyadira kuti kuvalako kwatenga ola ndi theka, ndi kupuma katatu, komanso kuti mapilisi a ululu amwa nthawi isanakwane kuti athe kukhala chowongoka.

Mlendoyo anali mayi wachitsikana, wa jekete yonyowa ndi mvula, wonyamula kakompyuta m'chikwama. Sanali woipa, ndipo ndikufuna zimenezi zimveke, chifukwa kutchalitchi pambuyo pake anthu anamudya miseche asanamuonepo n'komwe. Belu litalira achimwene anadzuka okha pampando osagwira paliponse, anayenda mpaka kuchitseko n'kumutsegulira. Anamukokera mpando. Alamu atabweretsa thireyi, iwo ananyamula tipoti n'kumuthirira mlendoyo tiyi ndi dzanja lawo. Ine ndinkaona mtsempha wa m'khosi mwawo ukugunda ndi thukuta likutsika kuseri kwa khutu. Mayiyo ankaona dzanja likuthira tiyi osataya dontho.

"Mukupeza bwanji masiku ano, bambo?"

"Tikuthokoza Mulungu. Tikulimba."

"Nanga masiku amene simunadzuke bwino amakhala otani?"

"Aliyense amakhala nawo masiku otero, mayi. Ngakhale inu."

Anayesetsa, mwana wa eni ake. Funso limodzi ankalifunsa m'njira zitatu. Anafunsa ngati alipo amene amawathandiza posamba, achimwene n'kuti akazi awo ndi munthu wachikondi, amakonda kuthandiza ngakhale pamene palibe chifukwa. Anafunsa mtunda umene angayende, iwo n'kuti kutchalitchi sajomba, osatchula kuti amatsika masitepe atagwiriridwa ndi amuna awiri, galimoto ikudikira pakhomo. Atafika pa za kathumba kaja mayiyo anandiyang'ana, n'kufunsa ngati achimwene angakonde kuti ena atuluke. Ndinali nditaima kale. Koma ndili kuseri kwa chitseko ndinamva yankho lawo, lalifupi ngati la m'fomu muja. Zimene sakanatha kunena pamaso pa mlongo wawo sakanazinena kwa mwana wamkazi wachilendo wamsinkhu wa Tadeyo.

Ine ndinalowerera kamodzi kokha. Ndinati, "Dzulo sanadzuke pabedi tsiku lonse." Alamu anandiponda chala pansi pa tebulo, achimwene n'kuseka pang'ono. "Mlongo wangayu amakonda kukuza nkhani, kuyambira ali mwana." Mayiyo analemba zonse ziwiri.

Atatsanzika ndinamutsatira pamasitepe ponamizira kukataya zinyalala. Pansi anaima n'kundiyang'ana kanthawi. "Ine ndimalemba zimene ndauzidwa ndi zimene ndaona," anatero. "Ngati pali china chimene sindinauzidwe, lankhulani ndi nesi wawo. Musachedwe." Nditakweranso ndinapeza achimwene atagwada kubafa, tayi ili paphewa, akusanza tiyi amene anamwa poperekeza mlendo. Anagona masiku awiri osatembenuka.

Yankho linabwera kumapeto kwa Julayi. Mapointi sanakwane. Kalatayo inafotokoza bwinobwino, mwaulemu: munatiuza kuti mumaphika, munatiuza kuti mumasamba nokha, tinakuonani mukudzuka pampando, mukuyenda, mukunyamula tipoti. Achimwene anaiwerenga mpaka kumapeto, anavula magalasi, n'kuti, "Sananame." Ine ndinapsa mtima moti ndinalakalaka kuponya tipotiyo pawindo. Tinalemba kalata yopempha kuti aunikenso, ndipo anatiuza kuti zimenezo zingatenge milungu isanu ndi itatu. Alamu anayamba kusala kudya Lachitatu lililonse. Amayi a Mvano anaika dzina la achimwene pamwamba pa mndandanda wa mapemphero.

Nthawi imeneyo thupi linali litayamba kutha mooneka. Maso anachita chikasu. Akakweza dzanja wotchi inkatsetsereka mpaka pachigongono. M'nyumba munabwera kafungo kena kamene sopo sankatha kukaphimba, ndipo ine ndinkakadziwa kuchokera ku wodi ya ku Mulanje. Ndinkachita mantha ndi masitepe aja, ndi bafa lija, ndi maola onse amene foni yawo inkalira osayankhidwa.

Lolemba lina mu Ogasiti ndinaweruka msanga, ndipo ndinapita ndi supu cha m'ma wani koloko masana. Pabalaza panalibe munthu, wailesi ikulankhula yokha. Ndinaitana. Mawu anachokera kubafa, apansipansi.

"Usalowe, Maness."

"Mwagwa?"

"Usalowe. Mlamu wako abwera."

"Abwera eyiti koloko, achimwene. Mwagwa nthawi yanji?"

"Atangochoka."

Ndinalowa. Sindifotokoza zonse. Anali chigonere pakati pa bafa ndi chimbudzi, pa matailosi ozizira, maola asanu ndi awiri, alibe chovala, kathumba kataphulika. Munthu amene anandilera bambo athu atamwalira, amene anaima ngati nkhoswe pa ukwati wanga, amene sindinamuonepo ngakhale atangovula malaya. Ndinawafunditsa thaulo, ndinawatsuka, ndinawadzutsa. Anali opepuka ngati mtolo wa zovala zouma. Nthawi yonseyo nkhope yawo inali kukhoma, ndipo sanalankhule mpaka nditawagoneka pabedi, pamene anati, "Waona zimene sumayenera kuona." Nesi wa m'deralo anabwera kudzawapima n'kupeza kuti fupa silinathyoke. Iye atapita ndinakalira kukhitchini, mpopi nditautsegula kuti asamve.

Alamu atabwera ndinawauza zonse, yunifomu asanavule. Analira kwambiri, ataluma chikhatho. Atatonthola ndinati, "Tiyeni tipite kwa Michael."

"Ndipempha abwana andichepetsere mashifiti."

"Munapempha kale mu Meyi."

"Kalata yathu ili m'njira, alamu. Tipirire."

"Milungu isanu ndi itatu ya pa matailosi?"

Anandiyang'ana ndi maso ofiira. "Tsiku limene dzina lawo lidzalembedwe pa pepala lija, ndiye kuti ine ndamuuza Mulungu kuti asavutikenso, tathana nazo tokha. Inu mungapemphere bwanji m'mawa mwake? Mungawayang'ane bwanji kumaso?" Anakana kwamtuwagalu. Ndinawamvetsa ndipo ndinawakwiyira, zonse pakamodzi. M'mawa mwake anapitanso kuntchito, chifukwa lendi siisala kudya.

Ine ndinapita kuchipatala. Michael anandilandira m'kachipinda komwe kaja. Anafunsa ngati achimwene akudziwa kuti pali pempho la thandizo m'dzina lawo, ndinati akudziwa, analemba okha. Anafunsa ngati asintha maganizo pa zosafuna kuuzidwa, ndinati ayi. Anati zimenezo alemba pa pepalalo, ndipo kalata ya boma sidzatchula chifukwa chake. Kenaka anafunsa za alamu.

"Achimwene anakuuzani kuti muzilankhula ndi anthu awiri," ndinatero. "Mmodzi ndine. Ndipo kwathu mwini munthu ndi wobadwa naye bere limodzi." Mawu amenewa ndi oona, koma ndinawanena ndi manyazi, chifukwa amene ankachapa zofunda zawo tsiku ndi tsiku sanali ine.

"Ndinawaona sabata yatha ku kiliniki," anatero Michael. "Ndakhala ndikudikira kuti mmodzi wa inu abwere." Anatembenukira ku kompyuta. Ndinkayembekeza chinthu chachikulu, mwina mboni, mwina chidindo, mwina kuti andifunsenso ngati ndikunenetsa. Zinamutengera nthawi yochepa kuposa kuwiritsa mazira. Anandithokoza, ndipo ndinatuluka n'kuyenda wapansi mtunda wautali m'mvula yamawawa, chifukwa sindinkafuna kukhala moyang'anizana ndi munthu aliyense m'basi.

Masiku otsatirawo foni ikalira ndinkaopa kuiyankha. Sukulu ndinapitako ndithu, ndimadziwa kuti pepala silipha munthu. Komabe achimwene atakana phala Lachinayi, ndinati ndi ine. Atagona masana onse Loweruka pakamwa pali yasa, ndinaima pakhomo la chipinda kumvetsera mpweya wawo, n'kumati ndi ine. Amayi a Mvano ankasinthana kudzakhala nawo pamene mashifiti awo alola, ola limodzi, maola awiri, masiku ena osapezeka ndi mmodzi yemwe. Alamu ankandilonjera mwansangala, kundisungira ndiwo, kundithokoza chifukwa cha tsiku lija, ndipo ine ndinkadya osawayang'ana kumaso.

Patapita masiku asanu ndi anayi foni inalira ndili kuntchito. Linali tsiku lopuma la alamu. "Bwerani," anatero. "Mulungu wayankha."

Ndinawapeza kukhitchini, chitenje m'chiuno, foni kukhutu, akuuza amayi a Mvano mmodzimmodzi kuti boma launikanso, lavomereza zonse, thandizo lathunthu, milungu isanu ndi itatu isanakwane n'komwe. Anandikumbatira ndi dzanja limodzi. "Mwaona, alamu? Popanda kusainira munthu imfa. Pitani mukawaone, kalata ali nayo ndi iwo."

Achimwene anali pabedi atatsamira mapilo, magalasi ali pamphuno, kalata ili pamiyendo. Anandiuza kuti nditseke chitseko.

"Khala pansi, Maness." Ndinakhala. "Makalata awa ndawerengera anthu ambiri. Ya a Overtoun, a sitiroko aja, inati tidzakuunikaninso pakatha zaka zitatu. Ya mayi a msana aja, zaka ziwiri. Onse amene ndawawerengera, boma linkawauza tsiku lodzawaonanso." Anaitembenuza kalatayo kuseri, kenaka kumaso. "Yangayi ndaiwerenga kanayi. Tsiku mulibe."

"Mwina aiwala."

"Saiwala. Ndipo anthu amene anandiona ndikuthira tiyi sangasinthe maganizo msanga chonchi asanabwerenso kudzandiona. Wina wawauza kanthu." Anavula magalasi. "Ndiwe?"

Bodza linali pafupi, pamlomo penipeni. "Ndine," ndinatero.

Sanakalipe. Anayang'ana pawindo, kumene kunalibe choona koma khoma la nyumba inzake. Kukhitchini alamu anali atayamba kuimba chapansipansi, makapu akugundana pa thireyi.

"Analemba miyezi ingati?"

"Salemba miyezi, achimwene. Amangolemba kuti matendawa..."

"Ndamva." Anapinda kalatayo. "Mlamu wako anauzidwa liti?"

"Tsiku lomwe lija. Mu Febuluwale."

"Febuluwale." Anawerenga miyezi ndi zala pa bulangeti mpaka anafika pa chala chachisanu ndi chiwiri. "Ndipo m'mawa uliwonse amandiuza kuti nkhope yanga yawala, kenaka amanyamula chikwama kupita kukasambitsa anthu ena. Ine ndimati ndikapanda kufunsa ndiye kuti ndamupeputsira katundu." Anapukuta maso ndi chala chachikulu, mwachangu, ngati wachotsa kachitsotso.

Chitseko chinatseguka, alamu n'kulowa ndi thireyi. Anati mawa akapereka notisi kuntchito, milungu inayi, ndipo ikatha adzakhala pakhomo mpaka bambo a Tadeyo atachira.

"Ketrina," anatero achimwene. Pa zaka makumi atatu za banja lawo sindinawamvepo akuitana akazi awo ndi dzina pamaso pa munthu. "Mawa usapite. Za notisi uwauze pafoni. Ndipo umuimbire Tadeyo abwere sabata ino, asadikire Khisimisi."

"Koma ndi milungu inayi yokha, bambo a Tadeyo."

"Usapite."

Alamu anaima ndi thireyi m'manja. Anayang'ana amuna awo, anayang'ana kalata, kenaka anayang'ana ine, ndipo ndinaona nkhope yawo ikuzima pang'onopang'ono. Anaika thireyi patebulo bwinobwino, anathira tiyi m'makapu awiri, yachitatu n'kuisiya chivundikire. Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kugwira phazi la amuna awo pamwamba pa bulangeti.

"Alamu," anatero osandiyang'ana, "makiyi a nyumba ino amene muli nawowo muwasiye patebulo potuluka."

Achimwene anatsegula pakamwa, koma alamu anafinya phazi lija ndipo iwo anakhala chete. Ndinaika makiyiwo pambali pa thireyi, ndinavala jasi, ndinakoka chitseko. Ndili pamasitepe ndinamva kulira kukuyamba, kwa anthu awiri, ndipo ndinatsika osaima.

M'mawa mwake alamu sanapite kuntchito. Ndinamva kwa amayi a Mvano.